Nkhokwe ya magazi ili m'kalasi mwanu

Aphunzitsi anzanga, kodi munayamba mwadzifunsapo kuti magazi amene amathira mayi yemwe wataya magazi ambiri pobereka amachokera kuti? Kulibe fakitale ya magazi. Amachokera m'thupi la munthu wina, ndipo kuno ku Zimbabwe munthuyo kawirikawiri amakhala mwana wa sekondale. Ine ndimaphunzitsa sukulu ya kwacha ku Pumula, mumzinda wa Bulawayo, ndipo ndaona miliri iwiri ikugwedeza nkhokwe imeneyi, uliwonse m'njira yakeyake.

Mliri wa Edzi unachititsa anthu kuopa magazi enieniwo. Dziko lino linayamba kuyeza kachirombo ka HIV m'magazi operekedwa m'chaka cha 1985. Komatu kuyeza pakokha sikukwanira, chifukwa munthu akangotenga kachiromboka pamapita masiku kasanayambe kuoneka poyeza. N'chifukwa chake bungwe lotolera magazi, lomwe lero limatchedwa National Blood Service Zimbabwe, linadalira kwambiri ana a sukulu a zaka 16 kupita m'tsogolo, popeza pakati pawo kachiromboka n'kochepa. M'chaka cha 1994 kunabadwa Pledge 25 Club, gulu la achinyamata olonjeza kupereka magazi ka 25 ndi kudzisunga kuti magazi awo akhale abwino. Nzeru imeneyi inafalikira m'maiko ena, kuphatikizapo kwathu ku Malawi.

Covid-19 inabwera ndi vuto lina. Palibe umboni woti matendawa amafala kudzera m'magazi othiridwa. Vuto linali kusowa kwa magaziwo. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020, galimoto zotolera magazi zinasowa kolowera. Magazitu si chimanga choti n'kusunga chaka chathunthu. Mufiriji sapitirira masabata 6, ndipo tizigawo tothandiza kuti bala lisiye kukha timatha mphamvu pa masiku 5 okha. Koma amayi sanaleke kubereka, ngozi nazo sizinaleke.

Taonani tsono mmene kusowa kumabalira chiopsezo. M'maiko ena, monga Malawi, nkhokwe ikauma achibale a wodwala amapemphedwa kuti apereke magazi. M'bale amene akuona mlongo wake ali kayakaya sangaulule msanga kuti mwezi wathawu anagona ndi munthu wosamudziwa bwino. Amabisa, pofuna kupulumutsa moyo. Ngakhale magazi onse amayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, chitetezo choyamba ndi chilungamo cha woperekayo. Wopereka mwa kufuna kwake, mosalipidwa ndi mosapanikizidwa, ndiye amayankha zoona.

Maphunziro atayambiranso, ndinalemba pabolodi mawu amodzi: ma-ga-zi. Ophunzira anga ambiri ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, ndiye ena anati igazi, ena ropa. Tisanafike n'kumaphatikizo komwe, mafunso anali mbwee. “Aphunzitsi, akandipopa ndiye abwereranso?” Mayi wina anakumbutsa za mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu cha ku Mulanje mu 2017. Sindinawaseke. Tinayeza madzi okwana mamililita 450 m'botolo, aliyense n'kuona yekha kuchepa kwake. Ndinafotokoza kuti thupi limabwezeretsa magaziwo pa masabata owerengeka, ndipo singano imagwira ntchito kamodzi basi. Kenaka tinaphunzira kuwerenga mafunso onga amene wopereka magazi amayankha, chifukwa munthu sangayankhe zoona pa funso limene sanalimve.

Phunziro langa ndi ili: nkhokwe yodalira ana a sukulu okha imauma sukulu ikatsekedwa, kaya ndi mliri kaya ndi tchuthi wamba. Pafunika makolo, ndi ifeyo aphunzitsi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Musanatumize ntchito ya mutu uno, funsani ophunzira anu ndi makolo awo chimene amaopa pa nkhani yopereka magazi. Lembani mayankho awo m'mawu awo omwe, ndipo phunziro lanu lotsatira liyambire pamenepo.