Kope la amayi lilibe kalongonda

Amayi anga, kwathu kufupi ndi Migowi, ali ndi kope limene limagona m'sutikesi pamodzi ndi makhadi athu a kusikelo ndi buku la nyimbo. Chikuto chinathothoka kalekale, anachita kulikutira ndi pepala la thumba la shuga. Anayamba kulembamo masiku aja alangizi a homukirafti, ambiri ophunzitsidwa ku Magomero, ankasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo kuwaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Zina anakopera kwa anzawo a Mvano, ndipo pamasamba ena pali dzanja la munthu wina, zilembo zopendekera kumanja.

Muli sikono, keke, jamu wa mango, mandasi a yisiti. Miyeso yake ndi ya nyumba imodzi yokha: akalemba kuti makapu atatu a fulawa, akunena kapu yawo yachitsulo yobenthuka kukamwa, osati ina ayi. Za uvuni mulibe, poti keke ankaphikira m'poto, makala pansi, makala ena pachivindikiro. M'mbali mwa masamba muli ngongole za anthu otenga zitumbuwa, ndalama za chipereganyu, ndi tsiku limene mchemwali wanga anabadwa. Tsamba la sikono linada ndi mafuta mpaka likuonekera kuseri.

Kopelo linapulumuka napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi. Namondwe wa Freddy mu 2023 analinyowetsa, inki n'kuyenderera m'masamba akumapeto. Choncho mchemwali wanga anajambula otsalawo n'kunditumizira pa WhatsApp kuno ku Johannesburg.

Ndawawerenga onse, ndipo chimene mtima wanga ukufuna mulibe. Sikono kuno ali m'sitolo iliyonse. Ine ndikulakalaka nandolo wamuwisi wa m'nyengo yozizira, makumba ndi matemba a ku Chilwa amene amabwera panjinga, nkhwani wotendera wothira chidulo, thobwa wamapira wogonera, ndi kalongonda, amene ife Alhomwe amatiseka naye koma akamupeza samusiya. Amayi analemba zachilendo zokhazokha, zimene ankaopa kuiwala. Zakwathu anaziona ngati zosafunika cholembera, popeza mtsikana aliyense ankaziphunzira atakhala pamafuwa, utsi uli m'maso.

Nditawaimbira ndinati, “Amayi, kalongonda uja mumaphika bwanji? Mundiuze ndilembe.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Iwe, kalongonda amalemba? Umawiritsa, kusenda, kutaya madzi, kuwiritsanso. Uyambe m'mamawa. Ukachita changu akuzunguza mutu.”

“Nanga ndidziwa bwanji kuti wapsa?”

“Umangoona.”

Apa m'pamene pagona vuto. “Umangoona” ameneyu salowa m'kope, ndipo pafoni sadutsa. Ndiponso kalongonda amafuna nkhuni za tsiku lathunthu. M'chipinda cha lendi cha magetsi ogula mayunitsi, ndani angayerekeze?

Komabe ndagula kope langa. Lamlungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, ndimawafunsa chakudya chimodzi, iwo n'kumadandaula kuti ndikuwathera batire. Chidulo tamaliza: phulusa la zitsononkho, madzi odontha pang'onopang'ono m'chitini chobowola pansi. Sabata ino tili pa chigumu, ndipo alonjeza kuti mnyamata wa kwathu amene akukwera basi ku Blantyre mwezi wamawa amupatsira nandolo wouma ndi ufa wamgaiwa. Kapu ija akaniza.