Tsiku Limene Nyutulo Inandithawa Pamaloboti

Anzanga achinyamata, kodi munayamba mwachitapo manyazi pakati pa msewu, magalimoto akuliza mahutala kumbuyo kwanu, inu thukuta lili kamukamu? Ine zinandionekera. Chimene chinandigwetsa sichinali chinthu chachikulu ai, koma kamalo kakang'ono ka pa njinga yamoto kamene amati nyutulo.

Nditalemba mayeso a Giredi 12 mu 2018, ndinapita kukakhala kwa amalume ku Makeni. Amene munafikako mudziwa kuti munthu ukangopatuka mu msewu wa Kafue, tauni imayamba kutha pang'onopang'ono, kenaka umaona mapoloti, madimba a repu ndi makola a nkhuku. Amalume anali kuweta nkhuku za mazira, ndipo ndalama ya mazirawo ndiyo inali kulipirira mlongo wanga kusekondale. Paja maphunziro aulere mpaka Giredi 12 anadzayamba mu 2022. Masiku amenewo mwana wosalipira anali kubwezedwa kunyumba.

Amalume anali ndi njinga yamoto yakale, yoliza ndi phazi. Kuno kwathu njinga yamoto iliyonse timangoti honda, kaya anaipanga ndani. Nditatenga laisensi mu 2019, anandipatsa makiyi nati, "Iwe, kuyambira lero mazira a ku Kabwata ndi ku Woodlands uzipereka ndiwe." Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinali kumanga mathireyi 6 kumbuyo, iliyonse ya mazira 30, n'kuuyatsa wa kutauni. Ha! Mtima unali m'mwamba. Ngakhale ku msonkhano wa achinyamata Loweruka ndinali kufika chipewa cha njinga chili m'manja, kuti aliyense aone.

Kwa inu amene simunakwerepo, magiya a njinga yotere amasinthidwa ndi phazi lamanzere. Ukaponda pansi walowa giya wani. Ukanyamula ndi chala walowa thuu, kenaka fili, mpaka kumapeto. Nyutulo, pamene injini imalira koma tayala osayenda, inabisala pakati pa wani ndi thuu. Kuti uipeze sunyamula phazi lonse, umangokhudza theka, ndipo kanyali kobiriwira kamayaka.

Miyezi yoyamba zonse zinali bwino. Kenaka ndinayamba kuona zachilendo. M'mawa, injini isanalire, nyutulo inali kulowa yokha ngati mpeni mu papaya. Koma ndikaima pamaloboti injini ikulira, chopondera chija chinali kuuma gwa. Ndikanyamula pang'ono, osasuntha. Ndikaonjezera mphamvu, khaa! yadumphira ku thuu. Ndikaponda, khaa! yabwerera ku wani. Kanyali kobiriwira kanali kungophethira kamodzi n'kuzima, ngati kakundiseka.

Apa ndi pamene ndinalakwa. M'malo mouza amalume, ndinakhala chete. Ndinali kuopa kuti adzati ndaononga njinga ndine, n'kupereka makiyi kwa mnyamata wina wa papoloti. Tsono ndinapeza nzeru zanga. Poyamba ndinali kuzimitsa injini pamaloboti, kupeza nyutulo, n'kulizanso ndi phazi. Koma tsiku lina inakana kulira, madalaivala a minibasi n'kundinena mau osalembeka. Kuchokera pamenepo ndinangoti ndiziima pa giya wani nditafinya kilachi mpaka maloboti atatsegula. Ndinaona ndithu kuti ngakhale ndifinye chotani, njinga inali kukwawira kutsogolo pang'onopang'ono, moti ndinali kuigwira ndi buleki. Ndinaona, koma ndinadziuza kuti njinga zakale zimatero.

Linali Lachisanu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mzere wa magalimoto mu msewu wa Kafue unali wautali kulinga ku raundabauti ya kumapeto kwa Cairo Road. Ndinaima kumbuyo kwa minibasi, kilachi ili m'manja monga mwa chizolowezi. Dzanja linayamba kuwawa. Ndinayesa nyutulo kamodzi, kawiri, katatu, osatheka. Ndiye ndinafinya chogwirira chija ndi mkwiyo wonse. Ndinangomva thapu! Waya waduka. Njinga inalumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi njuchi, n'kugunda kumbuyo kwa minibasi, injini zii, ine ndi katundu yense pansi khu!

Mwamwayi ndinangosupuka bondo, ndipo minibasi sinaphwanyike paliponse. Koma mazira! Mathireyi 4 anasanduka phala pa tala wotentha. Kondakitala anasuzumira pazenera nafuula, "Abwana, mwaiwala mchere ndi anyezi!" Basi yonse inafa nacho chiseko. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti nditaidzutsa njinga, injini ili chete, ndinangokhudza ndi chala ndipo nyutulo inalowa nthawi yomweyo.

Ndinaikankha mpaka cha ku Kamwala, kwa mdala wina wokonza njinga pansi pa mtengo. Atasolola waya uja anandionetsa. Timawaya tambiri ta m'kati mwake tinali titaduka kale, tina tochita dzimbiri, ndipo totsala ndi towerengeka.

"Mwana wanga, waya uyu sanaduke lero," anatero. "Wakhala akulira kwa miyezi. Kodi nyutulo sinali kukuvuta?"

"Inali kuvuta, bambo."

"Nanga injini ukazimitsa?"

"Inali kulowa bwinobwino."

Anapukusa mutu, natola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. Anandifotokozera kuti kilachi ndi timbale tingapo topanikizana ndi masipuling'i, tosambira mu oyilo wa injini. Ukafinya chogwirira, waya amakoka kuti timbaleto tilekane, injini isiyane ndi magiya. Koma waya akatamuka, timbale sitilekana kwenikweni. Timakhulanabe, ndipo injini imapitiriza kukoka magiya ngakhale iwe wafinya. Mano a magiya amakhala atalumana mwamphamvu, ndiye kuti uwalekanitse umafunika kukankha kwambiri, ndipo akangomasuka mphamvu yomweyo imakupitiriza mpaka ku thuu. Ukazimitsa injini palibe chokoka, n'chifukwa chake nyutulo imalowa mosavuta. Kukwawa kuja pamaloboti chinali chizindikiro cha matenda omwewo.

Ataika waya watsopano anandigwiritsa chogwirira. Anati pa njinga zambiri zazing'ono, nsonga ya chogwirira iyenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 okha isanayambe kukoka waya, ndipo pali kanati pafupi ndi dzanja kochepetsera kapena kuonjezera mpatawo. Ukachuluka, kilachi silekana. Ukasowa, kilachi imaterereka n'kupsa. Anandichenjezanso kuti waya akakhala bwino koma vuto lilipobe, uyang'ane zina: oyilo wakale kapena wolemera kwambiri, injini yolira mothamanga pamene njinga yaima, kapena timbale topindika ndi kutentha. Pomaliza anati, "Nyutulo uziifuna njinga ikali kuyenda pang'ono, usanaime. Ndipo uziipempha, osailamula. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ntchito yonseyo sinathe ngakhale ola limodzi, ndipo mtengo wa waya sunafike pa mtengo wa mazira amene ndinasiya pamsewu.

Ulendo wobwerera ku Makeni unali wautali kuposa masiku onse. Ndinawapeza amalume akutunga madzi a nkhuku. Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuyambira tsiku loyamba limene chopondera chinauma. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati ndavulala. Nditawaonetsa bondo anati, "Waya ndi wakale, akanaduka ngakhale m'manja mwanga. Chimene chandiwawa si mazira. N'chakuti unadziwa miyezi yonseyi, tikudyera mbale imodzi, osandiuza. Bwanji ikanakulumphira kutsogolo kwa thiraki? Ndikanawauza chiyani amayi ako?"

Makiyi sanandilande. Koma mwezi umenewo ndalama ya sukulu inaperewera, ndipo mlongo wanga anakhala kunyumba masiku angapo mpaka amalume atagulitsa nkhuku zina zimene zinali zikali kuikira. Iye sanandinene kanthu. Ndinali kumuona m'mawa akusesa pabwalo, yunifolomu ili pachingwe, ndipo zimenezo zinandilasa kuposa mau alionse.

Mpaka lero ndimakwera njinga yamoto. M'mawa uliwonse ndisanalize ndimayamba ndagwira chogwirira cha kilachi kuti ndimve mpata wake, ndi kuyang'ana ngati waya wayamba kutha. Ndikamva kachilendo kalikonse, ndimanena tsiku lomwelo, ngakhale ndioneke mbuli. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine phula langa ndinalidyera pa msewu wa Kafue, anthu a m'basi akuonerera, ndipo amene analipira ndi mlongo wanga.