Mabelo Anakula, Mayina Anachepa

Kum'mawa kwa England, tirigu akangokololedwa mu Ogasiti, minda imadzaza ndi zimabelo za mapesi, chilichonse chotalika pafupifupi mamita awiri ndi theka, cholemera kufika theka la tani. Palibe amene amayesa kuchinyamula ndi manja. Makina amadinda, makina ena amatola n'kusanja, kenako lole imabwera kudzatenga ulendo wa ku makola a ng'ombe kapena kumalo opangira magetsi.

Mlembi wa nkhani ino anafika m'chigawo chimenechi chapakati pa zaka za m'ma 1980 kudzaphunzira za makina a ulimi, ndipo belo limene analipeza linali laling'ono, la makilogalamu 20 kapena 25, lomangidwa ndi zingwe ziwiri. Patchuthi ophunzira ankapita kukagwira ganyu woponya mabelowo m'ngolo ndi kuwasanja m'shedi. Mikono inkakalika, fumbi linkakhala pakhosi mpaka usiku, koma ndalama ya mabuku ndi yotumiza kumudzi inkachokera pamenepo. Pafupifupi mlimi aliyense wa ziweto anali ndi makina akeake odindira, ndipo kusankha sikunali nkhani yogonetsa munthu ndi mutu. Amene bambo ake ankagula New Holland nayenso ankagula New Holland. Wa Massey Ferguson ankafera pa Massey Ferguson. Mapesi otsala, omwe anali ochuluka, ankangowayatsa m'munda, utsi n'kuphimba misewu madzulo.

Makina amene anadzasintha zonsezi anali atabadwa kale kutsidya kwa nyanja. Mu 1978 kampani ya Hesston, ya m'katauni ka dzina lomwelo ku Kansas, inatulutsa Hesston 4800, odinda belo la masentimita pafupifupi 120 m'lifupi ndi 130 msinkhu. Kagwiridwe kake ntchito sikachilendo kwa munthu amene anaonapo fodya akudindidwa pa jeke: udzu umalowa m'bokosi lachitsulo, chitsulo cholemera chimautsendera mpaka ulimbe, kenako umamangidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti bokosili likuyenda kumbuyo kwa thirakitala, ndipo chotsenderacho chimamenya ka 30 mpaka pafupifupi ka 50 pa mphindi, malinga ndi kukula kwa makinawo.

Vuto lalikulu silinali kutsendera ayi. Linali mfundo.

Pa makina aang'ono, chomangira mfundo chimagwira nsonga ya chingwe nthawi yonse imene belo likukula. Belo likakhala lalikulu ndi lothina kwambiri, chingwe chimapulumuka kapena kuduka, ndipo chotuluka kumbuyo ndi mulu wa udzu womwazika. Akatswiri a ku Hesston anagwiritsa ntchito zingwe ziwiri, china chapamwamba china chapansi, zomwe sizipanidwa pamene belo likudindidwa. Likakwana, makina amamanga mfundo ziwiri motsatana: ina yotsekera belo latha, ina yoyambira lotsatira. Njira imeneyi imapirira kuthina, koma inali ndi chilema chake, chifukwa mfundo iliyonse inkasiya kachidutswa ka chingwe, kamene kankagwera m'munda kapena kukathera m'chakudya cha ng'ombe. Claas ya ku Germany, imene mwini wake August Claas analembetsa luso la chomangira mfundo mu 1921, inakhala zaka zambiri ikudalira mfundo imodzi yosasiya tizidutswa. Posachedwapa New Holland ndi Krone atulutsa zomangira za mfundo ziwiri zimenenso sizisiya kanthu. Mkangano wa mfundo imodzi kapena ziwiri wadya maola ambiri pa ziwonetsero za ulimi, ndipo mlembi amauona kuti ndi mkangano woyenera, chifukwa makina akaima pakati pa munda, malo oyamba amene woyendetsa amakasuzumira ndi pa zomangirazo.

Chingwe chenichenicho chinasinthanso, ndipo apa nkhaniyi imakhudza anansi athu. Kale chingwe chomangira mabelo chinali cha khonje, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Tanganyika ndiye inkatsogola padziko lonse polima khonje, matani opitirira 200,000 pa chaka. Chingwe cha pulasitiki chitabwera, cholimba ndiponso chosaola, msika wa khonje unagwa, minda ya ku Tanga ndi Morogoro n'kuyamba kumera tchire. Zimabelo zikuluzikulu za masiku ano zimamangidwa ndi pulasitiki.

Makampani ena sanachedwe kutsatira Hesston. New Holland inatulutsa D1000 mu 1987, Claas inabwera ndi Quadrant mu 1988, Krone ya ku Spelle inayamba kupanga BiG Pack mu 1993. M'chaka chomwecho cha 1993, boma linaletsa kutentha mapesi m'minda ya ku England ndi Wales. Mapesi amene ankasanduka utsi anayenera kukwiriridwa kapena kudindidwa n'kugulitsidwa. Mu 2000 malo opangira magetsi ndi mapesi anatsegulidwa ku Sutton pafupi ndi Ely, otha kutulutsa ma megawatt 38 ndi kumeza matani pafupifupi 200,000 pa chaka, ndipo ena anatsatira ku Sleaford, Brigg ndi Snetterton. Msika woterewu sufuna timabelo tonyamula pamanja. Ganyu wa ophunzira uja anatha mwakachetechete. Mlembi sadandaula za msana umene unapuma, koma amadziwa anyamata amene sukulu inkawayendera chifukwa cha ntchito imeneyo, ndipo palibe ina yofanana nayo imene inalowa m'malo mwake.

Wogula makina nayenso anasintha. Makina aakulu ndi odula moti mlimi wa mahekitala ochepa sangawabweze ndalama, ndipo amafuna thirakitala ya mphamvu. Anayamba kugula ndi makontirakitala, anthu oyenda famu ndi famu kudindira anzawo pa mtengo wa belo lililonse. Munthu wotere sagula chifukwa cha chikondi cha dzina. Amawerenga mabelo pa ola, malita a dizilo, ndi maola amene makina aima.

Pamene makina ankachuluka, eni makampani owapanga ankachepa. AGCO inagula Hesston mu 1991, Massey Ferguson mu 1994, Fendt mu 1997. Mu 1999 New Holland ndi Case zinakhala pansi pa denga limodzi la CNH. Zotsatira zake n'zakuti makina ofiira a Massey Ferguson ndi obiriwira a Fendt akhala akutuluka m'fakitale imodzi ku Hesston, pamene achikasu a New Holland ndi ofiira a Case IH amachokera ku Zedelgem m'dziko la Belgium. Mlembi wamvapo anthu awiri akulimbana mpaka kutuluka thukuta kuti makina a wina ndi abwino kuposa a mnzake, chonsecho onse anawotcheredwa ndi amisiri amodzi. Kusiyana kwenikweni kulipo pakati pa mafakitale: Hesston, Zedelgem, Spelle, Metz ku France kumene Claas imapangira Quadrant, Geldrop ku Netherlands kwa Kuhn, ndi Ottumwa ku Iowa kwa John Deere.

Mpikisano wa zaka zaposachedwa wakhala wa kulimba kwa belo. Mapesi ndi opepuka, ndipo lole imadzaza isanafike pa kulemera kumene lamulo limalola, ndiye kuti mwini katundu akulipira kunyamula mpweya. Krone inatsogola ndi makina a HDP, ndipo mu 2013 inatulutsa HDP II yokhala ndi zomangira mfundo 8 m'malo mwa 6 zozolowereka. Ena onse anayankha ndi makina awo otsendera kwambiri. Nthawi yomweyo belo la 120 kwa 90 linatchuka, chifukwa pa lole limasanjika atatu kukwera m'mwamba pamene la 120 kwa 130 limasanjika awiri. Koma kuthina kuli ndi mtengo wake: thirakitala ya ma horsepower 250 kapena kuposa, chingwe chonenepa chodula, ndi udzu wouma bwino. Belo laling'ono limakhululuka chinyezi cha 18 peresenti. Lalikulu lothina likapitirira 15 peresenti limachita nkhungu, limatentha m'kati, ndipo likhoza kuyaka lokha n'kupsereza shedi yonse. N'chifukwa chake makina a lero amakhala ndi choyezera chinyezi, sikelo, ndi kompyuta m'kabini yosonyeza ngati mfundo ina yaphonya.

Makompyuta amenewa ndi othandiza, koma anasamutsa mphamvu kuchoka kwa woyendetsa kupita kwa wogulitsa. Kale chomangira mfundo chikavuta, munthu wa sipanala ndi diso labwino ankachikonza pomwepo. Mlembi anagwirapo ntchito ndi kontirakitala wina amene makina ake atsopano anaima chifukwa cha kachipangizo ka magetsi kokwana m'thumba la malaya. Wogulitsa analibe, anachita kuitanitsa kunja. Kasanafike mvula inagwa, mapesi anada, ndipo alimi awiri amene ankadikira anaitana munthu wina. Chaka chotsatira kontirakitalayo anasintha mtundu wa makina, osati chifukwa atsopanowo ankadinda bwino kuposa akale, koma chifukwa wogulitsa wake anali pafupi ndipo ankayankha foni Lamlungu.

Nkhani imeneyi ndiyo mlembi anaifotokozera mphwake amene amayendetsa thirakitala pa famu ina ya lucerne ku Vaalharts, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, kumene udzu wa ziweto wa m'gulu la nyembawu umalimidwa mothirira n'kugulitsidwa mpaka ku mayiko a Aluya. Mnyamatayo anaimba foni usiku wina. "Malume, abwana akufuna kugula makina ena, ndipo andifunsa maganizo poti woyendetsa ndine. Inu mwaona ambiri. Abwino ndi ati?"

Malumewo sanatchule dzina lililonse. "Mphwanga, yamba wafunsa amene amagula udzu wanuwo kuti akufuna belo la muyezo wanji. Kenako uone ngati thirakitala muli nayoyo ingakoke makinawo popanda kubanika. Ukatero upite wekha kwa ogulitsa, uwapemphe akuonetse masipeyala a zomangira mfundo ndi masingano ali pa shelefu, osati a m'buku. Ufunsenso kuti makaniko wawo amatenga maola angati kufika pafamu panu."

Anawonjezera za lucerne, kuti chakudya chake chili m'masamba, ndipo masamba akauma kwambiri amayoyoka. Ndicho chifukwa alimi a kumalo otentha amadinda usiku kapena m'bandakucha, mame atafewetsa udzu pang'ono. Makina amene amatola mwaukali amasiya phindu pansi, ndipo makina amene afa 2 koloko usiku amafuna wogulitsa amene sazimitsa foni.

Popeza abwanawo ankaganiza zogula ogwiritsidwapo kale ntchito, mlembi anamuuzanso zoyenera kuona: nambala ya mabelo amene makinawo adinda, mawilo amene chotsendera chimayendapo, ming'alu m'bokosi lodindira, kutha kwa zitsulo za zomangira, ndi ngati mwini wakale ankathira girizi kapena ankangopaka utoto. Patapita masabata angapo mphwakeyo anatumiza chithunzi pa WhatsApp. Anagula makina a 120 kwa 90, a mfundo ziwiri, a zaka zinayi, kwa wogulitsa wa m'tauni yoyandikana ndi famuyo, ndipo m'pangano analembamo kuti makaniko adzabwere kudzayang'ana zomangira zonse 6 asanayambe kudula lucerne koyamba.