Mafupa a ku Karonga ndi Buku la Genesis

Ndakhala ndikuphunzitsa ana zaka zoposa 20, koma funso limene linandisowetsa tulo linachokera kwa mnyamata wa Sitandade 7 pa sukulu yathu kuno ku Ntcheu. Iye anali ataonera kanema wotchedwa Jurassic Park m'kanyumba ka pa msika, ndipo m'mawa mwake anandifunsa nati, "Aphunzitsi, kodi zilombo zazikulu zija zinaliko ndithu? Nanga bwanji Buku Lopatulika silizitchula?"

Ndinamuyankha kuti nkhani ya m'kanemamo ndi yopeka, koma zilombozo zinaliko, ndipo mafupa a china mwa izo anafukulidwa m'dziko lathu lomwe lino, m'boma la Karonga. M'chaka cha 1993 akatswiri anachitcha dzina lakuti Malawisaurus, ndipo anapeza kuti chinali ndi moyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke pa dziko. Amene afika ku nyumba yosungiramo zakale ku Karonga angathe kuona chifanizo cha mafupa ake chitaimikidwa.

Panapita masiku atatu mnyamata uja osabwera ku sukulu. Ndinamva kuti agogo ake omulera, amene ali mkulu wa mpingo, amuletsa, nati sukulu ikumuphunzitsa kunyoza Mulungu, ndi bwino azikathandiza ku munda wa mbatatesi. Mtima wanga unawawa, pakuti inenso ndine Mkhristu, ndipo mwanayo anali wanzeru. Tsono Loweruka ndinatenga Buku langa ndi kupita kwawo.

Titapatsana moni, mkuluyo anati, "Aphunzitsi, dziko linalengedwa masiku 6, ndipo lakhala zaka 6,000 zokha. Zaka zanu zosawerengekazi mwazitenga kuti?"

Ndinati, "Bambo, sindinadzere mkangano. Tiyeni tiwerenge limodzi."

Tinatsegula Genesis mutu 1, ndipo tinaona kuti usana ndi usiku ziyamba tsiku loyamba, koma dzuwa lilengedwa tsiku lachinayi. Tinaonanso kuti m'mutu 1 zomera ndi nyama zitsogola, ndipo mwamuna ndi mkazi adza pambuyo. Koma m'mutu 2 mwamuna aumbidwa poyamba, kenaka mitengo ya m'munda ndi nyama, ndipo mkazi adza potsiriza. Anthu ophunzira amene amawerenga Buku m'Chihebri, chinenero chimene Genesis analembedwamo, amati izi ndi nkhani ziwiri zolembedwa nthawi zosiyana. Amene anaziika pamodzi anaona kusiyanako, koma sanafafanize, chifukwa cholinga chake sichinali kuwerenga masiku monga kalendala. Anafuna kuti tidziwe Mwini wa zonse, ndi malo athu pamaso pake.

Ndinawauzanso kuti zaka 6,000 sizinalembedwe pa tsamba lililonse la Buku. Bishopu wina wa ku Ireland, James Ussher, ndiye anaphatikiza zaka za makolo otchulidwamo, ndipo m'chaka cha 1650 analemba kuti dziko linalengedwa zaka 4004 Khristu asanabadwe. Anali munthu woopa Mulungu, koma masamu ake anali a munthu.

Mkuluyo anafunsa m'mene akatswiri amadziwira zaka za fupa. Ndinawakumbutsa magombe a mtsinje wa Livulezi, pamene madzi anakumba ndi kuonetsa dothi losanjikizana. Lapansi ndilo lakale, lapamwamba ndilo latsopano. Miyala nayonso inasanjikizana chomwecho, ndipo m'miyala ina muli zinthu zimene zimasintha pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, kotero kuti woziyeza angathe kuwerenga zaka zake.

Pomaliza ndinaloza munda wawo ndi kunena kuti, "Bambo, mlangizi wa zaulimi amatifotokozera m'mene mbatatesi imamerera, ndi chimene feteleza amachita m'nthaka. Kodi titamva zimenezo tinaleka kupereka masika ku tchalitchi?" Anaseka, nati, "Iyayi, tinayamba kupereka ochuluka."

Sindinganame kuti anavomera zonse. Anati, "Zaka zanuzo sungani nokha, ine mutu wanga wakalamba. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Mwanayo abwere Lolemba." Ndipo anabweradi.

Inu abale amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, muli ndi mwayi waukulu. William Murray ndi anzake, pamodzi ndi makolo athu amene anawathandiza, anavutika zaka zambiri kufikira Buku Lopatulika linatuluka m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, kuti munthu aliyense adziwerengere yekha. Tsegulani mitu iwiri yoyamba ya Genesis, muwerenge modekha, ndipo muone ngati zimene ndanenazi zilimo.

Ndipo mwana wanu akadza ndi funso lotere, musamukalipire. Ine ndaona kuti mwana amene timuuza kuti asankhe pakati pa sukulu ndi tchalitchi amataya chimodzi, ndipo nthawi zina amataya zonse ziwiri. Ngati Mulungu ndiye analenga miyala ya ku Karonga, sangachite mantha mwana wa Sitandade 7 akafuna kudziwa chimene chili m'kati mwake.