Futali wa amayi salembedwa m'buku

Dzuwa likapendeka m'mwezi wa Ramadhani, mtima wathu umathamangira ku mphika umodzi: futali. Tende ndi sambusa timazikonda, koma chimene chimatikhazika mtima pansi pomasula ndi mbatata yophika ndi nsinjiro.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Timasenda mbatata, kuiduladula, n'kuiwiritsa ndi madzi ochepa ndi kamchere. Ikayamba kufewa timathira nsinjiro, n'kuchepetsa moto kuti zisapserere. Koma tikawafunsa amayi kuti nsinjiro zichuluke bwanji, amangoti, "Dzanja limadziwa." Amaphika ali pa swaumu, osalawa, koma mchere sulakwika.

Nkhawa yathu ili pomwepa. Ambirife tili kusukulu kapena kutauni, timamasula ndi tiyi ndi buledi. Chaka chatha tinayesa tokha, futali n'kutuluka wamadzi ngati phala. Tinadya mwakachetechete, tikukumbukira manja awo amene ayamba kunjenjemera.

Chaka chino, Allah akalola, tikaswali Asiri tizikhala nawo pamoto, maso ali padzanja lija. Ndipo mbale yoyamba, monga amachitira iwo, tizikapereka kwa oyandikana nawo adhana ya Magharibi isanamveke.