Masitampa a m'chitini cha tiyi

Mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe nthawi yokumba mtedza, ndipo anandipeza pakhonde ndikuyanika masitampa anga kuti angachite nkhungu. Anaseka, nandiuza kuti ku America kuli anthu amene amasunga timakadi ta zithunzi za anyamata osewera baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga. Timakadito kale ankatiika m'mapaketi a ndudu, pambuyo pake m'mapaketi a chingamu, ndipo ana ankasinthana. Kamodzi ka 1952, ka wosewera dzina lake Mickey Mantle, kanagulidwa mu 2022 pa madola 12.6 miliyoni. Tsono anati, "Agogo, nanga chitini chanuchi sichingatigulire ng'ombe?" Funso limeneli ndilo landikumbutsa mmene ndinayambira.

Kwathu ndi kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji, lomwe masiku amenewo tinkalitcha Fort Manning. Abambo anapita ku Halale mu 1957 kukagwira ntchito pa famu ya fodya. Makalata awo ankafikira kusukulu, pakuti pamudzi panalibe wina wa keyala. Amayi sankadziwa kuwerenga, motero ine, mwana wa Sitandade 2, ndinali kalaliki wawo. Ndikatha kuwawerengera, iwo ankapinda kalatayo nkuisomeka kudenga, envulopu nkundisiyira.

Poyamba masitampawo sanandikondweretse konse. Ya ku Halale inali ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth ndi mawu akuti Rhodesia & Nyasaland. Ya amalume a ku Fort Jameson chimodzimodzi. Imene tinkagula ife ku positi chimodzimodzinso. Ndinafunsa aphunzitsi chifukwa chake, ndipo anati ndicho Chitaganya chimene akuluakulu ankadana nacho, maiko atatu sitampa imodzi. Ine za ndale sindinkazimva. Ndinangoona kuti Chitaganyacho chikundimana zithunzi.

Zinasintha abambo atawoloka kupita ku Joni kumigodi. Kalata yawo yoyamba inafika ndi sitampa ya mbidzi. Ha! Ndinali ndisanaonepo mbidzi ndi maso anga. Pamenepo panalembedwa South Africa, ndi Suid-Afrika m'chinenero cha Mabunu. Ndinaifuna kwambiri, koma inamatirira zolimba. Usiku amayi atagona ndinatenga mbale yodyera ndiwo, ndinathiramo madzi, nkuviika envulopu yonse. M'mawa sitampa inali itamatuka bwino lomwe, koma madzi anali abuluu.

Abambo anali ndi chizolowezi cholemba keyala yawo kuseri kwa envulopu kokha, osati pamutu pa kalata. Dzina la mgodi, nambala ya komponi, nambala yawo ya ntchito, zonse zinasungunuka m'mbale muja. Madzulo ake amayi anati, "Iwe, tenga pensulo tiwayankhe abambo ako." Ndinalemba kalata yonse, za agogo amene ankadwala, za ndalama ya msonkho, za chimanga chimene chinavuta chaka chimenecho. Pofika polemba keyala ndinangogwira pensulo osalemba kanthu. Amayi anandiyang'ana, nayang'ana pepala lonyowa lija pa tsindwi la nkhokwe. Sanandimenye. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Tinakhala miyezi isanu ndi iwiri. Abambo, poona kuti sakuyankhidwa, anaganiza kuti amayi awataya, ndipo analeka kulemba, nalekanso kutumiza ndalama. Agogo anamwalira iwo osadziwa. Pamudzi anthu anayamba kunong'ona kuti uja wasanduka mtchona, ndipo ena anayamba kuwauza amayi kuti asadikire munthu wosabwera. Ine ndinkamva zonsezi, sitampa ya mbidzi ili m'thumba la kabudula. Chotipulumutsa chinali munthu wina wa ku Mkanda amene anamaliza kontalakiti yake nabwera pa Wenela. Amayi anayenda wapansi kukamufunsa, ndipo anabwera ndi keyala yolembedwa pa kapepala ka fodya. Yankho la abambo linali lalifupi ndi laukali, koma mkati munali mapaundi awiri.

Aphunzitsi atamva nkhaniyi sanandiletse. Anandiitana nandiphunzitsa kachitidwe kake, ndipo ana amene ali ndi chidwi amve. Choyamba kopera keyala m'kope. Kenaka dula ndi lumo kangodya kokha kamene pali sitampa, usiye mpata pang'ono mozungulira. Viika kapepalako m'madzi ozizira mpaka sitampa ichoke yokha. Usaikoke, pakuti sitampa yoduka mano ilibe ulemu kwa osunga. Uiyanike chafufumimba pamthunzi, ndipo ikauma uipanikize m'buku. Anandipatsanso chitini cha tiyi chimene ndili nacho mpaka lero.

Kuyambira pamenepo ndinakhala wopemphetsa maenvulopu m'midzi yonse yozungulira. Ndinapeza njiri, chipembere ndi mkango za ku Joni. Nkhalamba ina imene inamenya nkhondo ndi K.A.R. inandipatsa yakale ya Nyasaland, ya Mfumu George VI ndi kambuku. Za ku Mozambique zinali zosowa, pakuti abale athu akumeneko ankangobwera okha osalemba. Imodzi ndinaigula ndi mbewa zisanu zowamba, ndipo mpaka lero ndiyesa kuti mnzangayo anandidyera.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Pa 6 July 1964 tinalandira ufulu, ndipo masitampa anatuluka ndi dzina la Malawi ndi nkhope ya Dr Banda. Mu October chaka chomwecho kalata za amalume zinayamba kubwera ndi dzina la Zambia. Ndinasangalala kuti ndapeza dziko latsopano m'chitini, koma amayi anadandaula kuti mlongo wawo, amene kwawo ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa njinga kudzera pa Mwami, tsopano ndi munthu wakunja. Mu 1971 mashiling'i ndi makobiri anatha, mitengo pa masitampa nkuyamba kulembedwa m'matambala. Wenela atatsekedwa mu 1974, makalata a ku Joni anachepa m'midzi mwathu, ndipo lero ana athu a kumeneko amangoimba foni.

Za ng'ombe ndinamuuza mdzukulu wanga zoona. Masitampa onga angawa ankasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo ogula amafuna osowa ndi osadetsedwa. Anatsanulira chitini chonse pamphasa, nasankhula mpaka anatola imodzi yothimbirira, nati iyi yokha ndiyo yoyenera kutaya. Inali ya mbidzi ija. Mizere yake yoyera ikadali yabuluu ndi inki ya abambo.