Buku Limene Timalemba Madzulo Tikaweruka

Abale angapo a m'bungwe lathu kuno ku Brampton andifunsapo kuti ntchito imene imanditsekera m'nyumba madzulo a Lachitatu imalipira ndalama zingati. Siilipira ngakhale senti imodzi. Ndine mmodzi mwa mainjiniya amene anadzipereka kulemba ndi kuunika buku la malangizo a chitetezo m'mafakitale osunga ndi kupanga zinthu zoopsa, monga gasi, mafuta, asidi ndi mankhwala oyaka kapena akupha. Ena amalemba mitu, ena amawerenga zimene anzawo alemba n'kuloza pamene pali pofooka. Ine ndinalembako kagawo kakang'ono, koma nthawi yanga yambiri yathera pa kuwerenga za anzanga.

Anthu ambiri akamva za chitetezo pantchito amaganiza za chipewa cholimba, magalasi ndi majombo. Zimenezo zimateteza munthu mmodzi ku ngozi ya munthu mmodzi. Buku lathu likukamba za nkhani ina, yoonetsetsa kuti zimene zili m'mapaipi ndi m'mathanki zikhalebe momwemo. Kusiyana kwa ziwirizi kunaonekera ku Texas City pa 23 March 2005, pamene fakitale yoyenga mafuta ya BP inaphulika n'kupha anthu 15. Chiwerengero cha antchito ovulala pa zinthu zing'onozing'ono pamalopo chinali chikutsika, ndipo akuluakulu ankadalira chiwerengero chimenecho pomwe zipangizo zochenjeza zinali zosadalirika.

Mwambo wolemba mabuku otere mongodzipereka unakula pambuyo pa ngozi ya ku Bhopal, m'dziko la India, mu December 1984, pamene mpweya wakupha wa methyl isocyanate unatuluka m'fakitale ya Union Carbide usiku n'kupha anthu zikwizikwi. Mu 1985 bungwe la mainjiniya la AIChE ku America linakhazikitsa Center for Chemical Process Safety, ndipo mabuku ake amayang'aniridwa ndi makomiti a anthu ochokera m'makampani amene masana amalimbirana msika. Ku Canada kuno malamulo a CSA Z767 okhudza nkhani yomweyi anatuluka mu 2017. Koma anthu a m'chigawo chathu cha Peel anali ataphunzira kale phunziro lawo. Usiku wa pa 10 November 1979 sitima ya katundu ya Canadian Pacific inachoka panjanji pa Mavis Road ku Mississauga, chifukwa chitsulo chozungulirapo gudumu la ngolo imodzi chinatentha mpaka kuduka. Ngolo za propane zinaphulika, ngolo ya chlorine inabooka, ndipo anthu oposa 200,000 anasamutsidwa m'nyumba zawo. Palibe anamwalira. Amene timadutsa pa Mavis popita kukagula ufa sitiganizako n'komwe za zimenezi.

Kaunikidwe ka buku n'kotopetsa, ndipo sindingakunamizeni kuti n'kosangalatsa. Mutu umabwera mzere uliwonse uli ndi nambala. Wounika amalemba nambala ya mzere, chimene akuona kuti chalakwika, ndi mawu amene akufuna kuti alowe m'malo mwake. Kungonena kuti "pano sipakumveka" sikuloledwa. Uyenera kupereka mawu ako. Kenako mlembi amayankha ndemanga iliyonse payokha, kuti waivomera kapena waikana, ndipo akaikana apereke chifukwa. Tsiku lina tinatha ola lathunthu pa mawu awiri achingerezi, shall ndi should. Loyamba limalamula, lachiwiri limangolangiza. Mlendo atamva akanati akuluakuluwa asowa chochita, koma woyang'anira fakitale amene ndalama zamuthera amadziwa bwino lomwe kuti chimene chalembedwa ndi should angathe kuchisiya mpaka chaka chamawa.

Mutu umene unandigwira mtima ndi wonena za kasamalidwe ka kusintha. Mfundo yake ndi yakuti chilichonse chimene chasinthidwa m'fakitale, kaya paipi, kaya mankhwala, kaya chiwerengero cha anthu ogwira usiku, chiyambe chaunikidwa ndi anthu odziwa chisanachitike. Mfundoyi inagulidwa ndi miyoyo ya anthu 28 ku Flixborough, ku England, pa 1 June 1974. Pafakitale ya Nypro panali mathanki 6 olumikizana ophikiramo cyclohexane. Lachisanu litapezeka ndi mng'alu, analichotsa n'kulumikiza lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi ndi paipi yokhota yongoyembekezera, yochirikizidwa ndi zitsulo za omanga nyumba. Pulani yake inajambulidwa ndi choko pansi m'chipinda chokonzera zipangizo. Paipiyo inagwira ntchito pafupifupi miyezi iwiri, anthu n'kuizolowera, kenako inang'ambika.

Mlembi wa mutuwu, mayi wodziwa ntchito yake kwambiri, analemba kuti kusintha kongoyembekezera kukhale ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo likakwana chipangizo choyenera chibwezeretsedwe. Palibe cholakwika m'mawu amenewa. Koma ndikuwerenga, maganizo anga anapita kumudzi. Ndisanabwere kuno ndinagwirako ntchito pafakitale ina kwathu, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira pampu ikawonongeka. Kuno umaimba foni m'mawa, chipangizo chimafika mawa lake kuchokera kunkhokwe ya pa Steeles Avenue. Kwathu chimachokera ku Johannesburg kapena ku Durban, ndipo chisananyamuke pamafunika ndalama zakunja zimene banki ikuti mudikire. Miyezi itatu imasanduka isanu ndi umodzi. Pa nthawi yonseyo fakitale siima, chifukwa nzimbe zadulidwa kale ndipo anthu akudikira malipiro. Amisiri athu ndi aluso zedi. Amasula chitsulo, amawotcherera, makina amadzuka. Luso lomwelo ndilo limabala paipi ya ku Flixborough ngati palibe wofunsa kuti chosulidwacho chipirira kutentha ndi kukankha kochuluka bwanji.

Choncho ndinalemba ndemanga yaitali. Ndinati bukuli likungouza wowerenga zoti achite tsiku lothera likakwana chipangizo chili m'manja, koma silikumuuza zoti achite tsikulo likakwana chipangizo chili pa doko la Beira. Ndinapereka mawu akuti nthawi ikafunika kuonjezedwa, kuunika kuyambirenso pachiyambi, anthu akaone ndi maso mmene chongoyembekezeracho chilili, wosayina akhale wamkulu kuposa amene anasayina poyamba, ndipo papezeke malire a maulendo amene nthawi ingaonjezedwe fakitale isanachepetse ntchito kapena kuima.

Mnzathu wina wachikulire anatsutsa mwaulemu koma mwamphamvu. Iye anati tikangolemba njira yoonjezera nthawi ndiye kuti tapereka chilolezo, ndipo aulesi adzabisala m'ndime imeneyo. Mfundo yake ndi yolemera, ndipo sindinaipeputse. Yankho langa linali lakuti nthawi imaonjezedwa kale, kuno ndi kumudzi komwe, kungoti imaonjezedwa mwakachetechete popanda pepala. Buku likakhala chete, injiniya wachinyamata amene bwana wake akumukakamiza amasowa tsamba loti aloze. Amene anandithandiza anali bambo wina amene anagwirapo ntchito ku migodi ya kumpoto kwa Canada, kumene katundu wolemera amadikira msewu wa pa madzi oundana. Iye anati vuto limene ndikunenali si la ku Africa kokha. Ndimeyo inalowa, ngakhale inafupikitsidwa, ndipo malire a maulendo analembedwa ndi should.

Ndemanga yanga yachiwiri inakanidwa. Mutu wa anthu okhala pafupi ndi fakitale unkaganiza kuti anthu akamva chenjezo amathawa, monga anachitira a ku Mississauga, kapena a ku Downsview ku Toronto pamene malo a Sunrise Propane anaphulika pa 10 August 2008. Ine ndinakumbutsa anzanga za ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene pa 17 November 2016 thankala yonyamula mafuta opita ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira ndi zigubu, ndipo oposa 70 anafa. Kumene kuli umphawi, mafuta otayika amaitana anthu m'malo mowathamangitsa, ndipo pulani yangozi imene siiganizira zimenezi ndi yoperewera. Komiti inati nkhani za pamsewu zili kunja kwa malire a bukuli. Pa malamulo amene tinagwirizana poyamba ananena zoona, ngakhale ndikuonabe kuti thanki yodontha m'kati mwa mpanda ingakoke anthu chimodzimodzi.

Ndikamaunika, wowerenga amene ndimamuona m'maganizo si wa ku Sarnia kapena ku Houston, amene ali ndi akatswiri khumi oti awafunse. Ndimaona mtsikana amene wangomaliza maphunziro a uinjiniya ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre, walembedwa ntchito kofulula ethanol ku Dwangwa kapena ku Chikwawa, kapena kosungira mafuta ku Kanengo, magetsi azima pakati pa usiku, ndipo buku ndilo mlangizi yekhayo amene ali naye pafupi. Chiganizo chimene iyeyo sangathe kuchigwiritsa ntchito ndimachiikira chizindikiro.

Bukuli lidzatuluka m'Chingerezi, pomwe amene amatsegula ndi kutseka mavavu kwathu amalankhulana m'Chichewa. Bungwe la Center for Chemical Process Safety lija limatulutsa mwezi ndi mwezi tsamba limodzi lotchedwa Process Safety Beacon, lolembera anthu oterewa, ndipo odzipereka amalimasulira m'zilankhulo zambiri. Ndayamba kusonkhanitsa mawu athu kuti ndione ngati zotere zingamveke m'Chichewa. Pa ngozi imene inatsala pang'ono kuchitika ndalemba kuti "ngozi yophonya", koma sindinakhutire nawo. Pakati pathu pali abambo ndi amayi amene anagwirapo ntchito m'mafakitale a shuga, a simenti ndi a tiyi. Ndikupempha kuti mundiuze mawu amene munkagwiritsa ntchito pouzana kuti boyila yatentha mopyola muyezo, kapena kuti paipi yayamba kudontha.